Kupuma Modekha ndi Tulo Tabwino

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu chimatsika kuchokera ku mapiri a Nyika ndi kuloŵa m'chigwa cha Henga, mlimi wa fodya wa ku Bolero kapena wa khofi wa ku Phoka angathe kugona thupi litatheratu, koma tulo osabwera. Nkhaŵa za mitengo ya kumsika ndi ngongole ya feteleza zimathamangitsa mtima, ndipo tambala amalira iye akali maso.

Anthu a ku India anazindikira kalekale kuti kapumidwe kamatha kukhazika mtima pansi. M'chiphunzitso cha yoga luso limeneli limatchedwa pranayama, ndipo mphunzitsi Patanjali analiika kukhala lachinayi mwa magawo 8 a yoga. M'chaka cha 2014 bungwe la United Nations linakhazikitsa 21 Juni kukhala tsiku la yoga pa dziko lonse.

Munthu wamkulu akakhala phee amapuma nthaŵi 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi. Pamene akutulutsa mpweya, mtsempha wotchedwa vagus umachepetsa liŵiro la mtima. Motero iye amene apuma pang'onopang'ono, natalikitsa kutulutsa koposa kukoka, amafeŵetsa thupi lake, ndipo tulo timabwera msanga.

Wofuna kuyesa agone chagada, aike dzanja pamimba, akoke mpweya ndi mphuno akuŵerenga mpaka 4, nautulutse akuŵerenga mpaka 6. Achite chomwecho kwa mphindi 10 usiku uliwonse. Njira ina, yotchedwa bhramari, ndiyo kutseka pakamwa ndi kutulutsa mpweya mong'ung'uza ngati njuchi. Koma kupuma kofulumira kwa kapalabhati kumagalamutsa thupi, choncho sikuyenera nthaŵi yogona.

Luso limeneli silichiza nthenda. Odwala mphumu kapena kuthamanga kwa magazi, ndiponso amayi oyembekezera, asamaumirize mpweya m'chifuwa. Munthu woliza mkonono kwambiri, amene amabanika kutulo nadzuka ali wotopa, apite ku chipatala cha Rumphi kapena cha David Gordon Memorial ku Livingstonia kukapimidwa.

Koposa zonse, mpweya wokokawo ukhale woyera. Mbaula ya makala yosiyidwa m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo, umene umapha anthu ali m'tulo. Ngakhale kuzizire motani, mbaula itulutsidwe panja banja lisanagone.