Liwiro Loyenera Wodwala Mtima Wofooka

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, kuchokera ku Chia mpaka ku Dwangwa, munthu akatupa miyendo ndi kumabanika poyenda, abale amamuyalira mphasa pakhonde, namuletsa kugwira kanthu. Amatero mwachikondi, ndipo kale madokotala nawonso ankalangiza chomwecho. Koma pamene mtima walephera kupopa magazi okwanira thupi lonse, kukhala chogona kumafooketsa minofu ya m'miyendo, kotero kuti ulendo wa kudooko umanka nutalika.

Mkangano wakuti wodwala wotere aziyenda kapena ayi unazirala m'chaka cha 2009, pamene kafukufuku wa HF-ACTION, wa anthu 2,331 a ku America, Canada ndi France, anasonyeza kuti kulimbitsa thupi sikoopsa kwa amene matenda awo akhazikika ndi mankhwala. Chotsala chinali liwiro lake.

Mu 2007 Ulrik Wisløff ndi anzake a ku Trondheim, m'dziko la Norway, anali atayesa odwala 27. Ena ankayenda mwamphamvu mphindi 4, mtima ukugunda pafupi ndi malire ake, kenaka n'kuchepetsa liwiro mphindi 3, mobwereza kanayi; ena ankayenda mofatsa mphindi 47 osalekeza. Patapita masabata 12, mphamvu ya thupi yogwiritsa ntchito mpweya inakwera ndi 46 pa 100 mwa othamangawo, koma 14 yokha mwa ofatsawo. Mbiriyo inawanda msanga, ngakhale kuti anthu 27 ndi ochepa ndithu.

Kafukufuku wamkulu wa SMARTEX, wa odwala 261 m'zipatala 9 za ku Ulaya, anatuluka mu 2017, ndipo sanapeze kuti njira yamphamvu iposa inzake. Chochititsa chidwi n'chakuti theka la ouzidwa kuthamanga silinafike pa liwiro lawo, pamene 80 pa 100 mwa ouzidwa kufatsa anapyola mlingo. Miyendo inadzisankhira yokha zapakati.

Tsono a ku Trondheim aja anali nkhalamba za zaka pafupifupi 75, zimene mitsempha ya mtima inatsekekapo. Kuno mtima umafooka kawirikawiri chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, kumene kafukufuku wa m'Malawi wa 2009 anakupeza mwa munthu wamkulu mmodzi pa atatu alionse, ndiponso chifukwa cha zilonda za pakhosi za paubwana zimene zimaononga zotsekera za mtima. Ndiponso odwala a ku Ulaya ankathamanga dokotala ali pambali ndi makina. Msodzi wopalasa bwato molimbana ndi mwera alibe womuyang'anira.

Wodwala wa kunyanja ayambe waonana ndi dokotala, kaya ku chipatala cha boma cha Nkhotakota kaya ku St Anne's. Akaloledwa, ayende m'mamawa dzuwa lisanaswe mtengo, panjira youma osati mumchenga wotitimira, mphindi zochepa poyamba, namaonjezera mlungu ndi mlungu. Muyeso wake ndi pakamwa: ngati atha kucheza ndi mnzake akuyenda, liwiro lili bwino. Chifuwa chikapweteka, mutu ukazungulira, kapena miyendo ikayambanso kutupa, aleke, abwerere kuchipatala.