MIGODI YOPANDA DOTHI: Makina okumba Bitcoin ndi nkhani ya magetsi athu

Anthu a kuno kummawa sauzidwa za mgodi. Agogo athu ambiri anatsika pansi ku Luanshya, ku Nkana ndi ku Mufulira, ena anafika ku Wankie ndi ku Joni, nabwerako ndi njinga, majekete ndi chifuwa chosatha. Mgodi umene iwo ankaudziwa unali wa miyala, fumbi ndi thukuta. N'chifukwa chake makolo amadabwa masiku ano pomva mnyamata wa ku Kapata kapena ku Mchini akupempha ndalama za soya kuti ayambe "kukumba" ali khale m'chipinda, popanda piki kapena fosholo. Ena amati ndi ufiti wamakono, ena amati ndi bodza lamkunkhuniza. Si ufiti ayi, ndipo si zonse zimene zili zabodza. Makina okumba ndalama alipodi, ndipo ena agwira kale ntchito m'dziko lathu lino la Zambia ndi kwa anansi athu ku Malawi. Koma safunsa anadya phula. Banja lisanamasule mfundo ya pachitenje, liyenera kudziwa chimene makinawo amachita, chimene amadya, ndi chifukwa chake amalemeretsa pena pomwe pena amasaukitsa.

Kodi chimakumbidwa n'chiyani?

Bitcoin ndi ndalama yopanda pepala kapena chitsulo. Inayamba mu Januwale 2009, ndipo woiyambitsa anabisala m'dzina lakuti Satoshi Nakamoto. Ilibe banki kapena boma loiyang'anira. Chimene chilipo ndi buku limodzi lalikulu, longa la msungichuma wa mphakati, momwe mumalembedwa kuti uje wapatsa uje zakutizakuti. Kusiyana kwake n'kwakuti buku limeneli lili m'makompyuta zikwizikwi m'maiko onse, ndipo onsewo ayenera kugwirizana.

Pa mphindi pafupifupi khumi zilizonse, m'bukumo mumawonjezedwa tsamba latsopano. Woti alembe tsambalo amapezeka mwa mpikisano: makina amayesa manambala mmodzimmodzi mpaka ena atapeza nambala yokwanira pa chinsinsi cha masamu. Palibe nzeru kapena chidule pamenepa, koma kuyesa basi. Wopambana amalandira Bitcoin zatsopano, ndipo kuyesayesa kumeneku ndiko kumatchedwa kukumba.

Pali zinthu ziwiri zimene ogulitsa makina sakonda kuzitchula. Mphotho ija imadulidwa pakati patapita zaka pafupifupi zinayi zilizonse. Inayamba ndi 50, inatsika mu 2012, mu 2016 ndi mu 2020, ndipo mu Epulo 2024 inafika pa 3.125. Chinanso, pakatha masamba 2,016, ndiye kuti milungu iwiri, chinsinsi chija chimadzilimbitsa chokha ngati makina achuluka, kuti tsamba lizitulukabe pa mphindi khumi. Motero kuchuluka kwa okumba sikuchulukitsa ndalama. Nsima ndi yomweyo, manja okha ndiwo akuchuluka m'mbale. Poona kuti makina amodzi angathe kuyesa zaka zambiri osapambana, okumba amalowa m'magulu otchedwa pool, monga alimi a m'kalabu, nagawana mphotho molingana ndi ntchito ya aliyense.

Chilombo chodya magetsi

Pachiyambi munthu ankatha kukumba ndi kompyuta yapanyumba. Nyengo imeneyo inatha mu 2013, pamene kunabwera makina otchedwa ASIC, amene sadziwa ntchito ina iliyonse koma kuyesa manambala. Sungalemberepo kalata, sungaonerepo mpira.

Titenge amodzi odziwika, Antminer S19 Pro, amene kampani ya Bitmain ya ku China inatulutsa mu 2020. Ndi bokosi lachitsulo loti mwamuna mmodzi anyamula, lolemera makilogalamu 13. M'kati muli matabwa atatu odzaza ndi timachipu mazanamazana, ndi mafani anayi opemerera mphepo. Pa sekondi imodzi amayesa manambala 110 thiriliyoni, ndipo amakoka mawati 3,250. Kunena mwa mayunitsi amene timagula kwa ZESCO, amadya mayunitsi 78 pa tsiku, ndiye kuti 2,340 pa mwezi. Mayi amene amagula mayunitsi a panyumba adziwerengere yekha kuti amenewa angamufikitse miyezi ingati. Magetsi onsewo amasanduka kutentha, ngati mwasiya masimbi atatu ali oyaka usana ndi usiku, ndipo phokoso lake silingalole munthu kugona m'nyumbamo, ngakhale mnansi wa kuseri kwa mpanda.

Kuchuna makina

Apa m'pamene pagona luso la okumba enieni. Mlimi wa ku Chadiza amadziwa kuti ng'ombe zapangolo zili ndi mayendedwe ake. Ukazikwapula zimathamanga, koma zimatopa msanga, zimafuna msipu wambiri, ndipo sizikalamba bwino. Ukazilola kuyenda mwachifatse zimafika mochedwerapo, koma zimakoka zaka zambiri.

Makinanso ali ndi zingwe ziwiri zowawongolera. China ndi liwiro la machipu, china ndi mphamvu ya magetsi imene machipuwo amapatsidwa, imene amisiri amaitcha voteji. Kukweza liwiro kumafuna kukwezanso voteji, ndipo vuto ndi lakuti kudya kwa magetsi sikukwera mofanana ndi voteji, koma kumaipitirira. Wokweza makina amapeza manambala ochulukirapo pang'ono, nalipira magetsi ambiri ndi kutentha koopsa. Wotsitsa amataya manambala pang'ono, napulumutsa magetsi ochuluka. Funso la wokumba wanzeru silikhala lakuti makina akuthamanga bwanji, koma lakuti manambala thiriliyoni imodzi akumudyera magetsi angati. S19 Pro imadya majulo pafupifupi 30 pa thiriliyoni iliyonse. Antminer S9 ya mu 2016 inkadya pafupifupi 100, pomwe S21, imene inalengezedwa mu 2023, imadya 17.5. Manambala atatuwa akufotokoza chifukwa chake makina akale amagulitsidwa motchipa kwa anthu a kuno ku Africa: eni ake aona kale kuti pa mtengo wa magetsi a kwawo, makinawo amadya zoposa zimene amabala.

Machipu a m'bokosi limodzi salingana, monga ana a mimba imodzi. Ena amapirira liwiro lalikulu, ena amalakwitsa masamu akangofulumizidwa. Pali mapulogalamu, monga Braiins OS ya ku Czech Republic, amene amayesa chipu chilichonse pachokha n'kuchipatsa liwiro lochiyenera. Mwini amangouza makina kuti asapitirire mawati akutiakuti, pulogalamuyo n'kufuna njira yopezera manambala ambiri m'malire amenewo. Komabe pulogalamu yotengedwa mwachisawawa pa intaneti ikhoza kukhala ndi kachilombo kopatutsa mbali ya ntchito ya makina kuti izipita kwa mbala, mwini wake akulipira magetsi.

Kuchuna kumatha, koma kuyang'anira sikutha. Wokumba amakhala ngati namwino wa usiku amene amayendera odwala ndi kalata yawo m'manja. Amaona hashrate, ndiko kuti liwiro la manambala, nayerekeza chimene makina akunena ndi chimene pool ikulandira; zikasiyana kwambiri, ndiye kuti intaneti ikudukaduka kapena ntchito ina ikukanidwa. Liwiro likatsika mwadzidzidzi ndi gawo limodzi mwa atatu, amadziwa kuti thabwa limodzi lafa. Amaona kutentha kwa machipu ndi kuzungulira kwa mafani, chifukwa fani imodzi ikaima makina amadzizimitsa kuti asapse. Opanga makinawa amati mpweya wolowa usapitirire madigiri 40. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya malata ku Chipata mwezi wa Okutobala, kapena kutsikira ku Mfuwe, akudziwa kuti malire amenewo sali patali. Onjezanipo fumbi la Ogasiti lotseka njira za mphepo, ngumbi za mvula yoyamba, chinyezi, ndi mphezi za Disembala.

Kumene zatheka

Nanga n'chifukwa chiyani ena akupindula? Yankho lili kumapeto ena a dziko lathu, m'boma la Ikelenge, pafupi ndi pamene mtsinje wa Zambezi umayambira. Kumeneko kuli Zengamina, malo aang'ono opangira magetsi ndi madzi, a makilowati 700, amene anamangidwa pakati pa 2004 ndi 2008 ndi ndalama zachifundo pafupifupi madola 3 miliyoni, kuti aunikire chipatala cha mishoni cha Kalene ndi midzi yozungulira.

Malo otere ali ndi vuto limene ambiri sitiliganizira. Madzi amayenda usiku wonse, koma anthu akumudzi amafuna magetsi makamaka madzulo. Popeza magetsi opangidwa ayenera kulingana ndi ogwiritsidwa ntchito nthawi iliyonse, otsala amangotayidwa, kapena madzi amangodutsa osapindulitsa kanthu. Bambo Daniel Rea, woyendetsa Zengamina, anauza BBC mu 2025 kuti kale ankataya yoposa theka la mphamvu imene akanatha kupanga. Kampani ya Gridless ya ku Kenya inaika pamenepo kontena ya makina 120 kuti azidya magetsi otsalawo, ndipo pa nthawiyo makinawo ankabweretsa pafupifupi 30 peresenti ya ndalama za Zengamina, zimene zinathandiza kuti mtengo wa magetsi usakwere kwa anthu wamba.

Ku Malawi zachitikanso ku Bondo, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumene bungwe la MEGA limapanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya. Gridless inaika makina kumeneko mu 2023.

Chondikondweretsa ine pa malo awiriwa ndi mmene luso la kuchuna lagwiritsidwira ntchito. Makompyuta amayang'anira kufunika kwa magetsi m'mudzi nthawi zonse. Chigayo chikalira, kapena mabanja akayatsa nyale madzulo, makina okumba amatsitsidwa liwiro kapena kuzimitsidwa, ndipo anthu akagona amadzutsidwanso. Makina ndiwo amadya makombo, anthu atakhuta. Dongosolo limeneli likatembenuka, kuti chipatala chikhale mumdima pamene kontena ikulira, ndiye kuti chinthu chomwecho chasanduka kuba.

Nanga kuno kwathu?

Tiwerengere limodzi. BBC inanena kuti makina amodzi ku Zengamina ankabala pafupifupi madola 5 pa tsiku. Tikayerekeza kuti ndi ofanana ndi S19 Pro, odya mayunitsi 78, ndiye kuti yuniti iliyonse inkabweza masenti 6 a ku America ndi pang'ono. Wogula yuniti pa mtengo woposa pamenepo akuluza tsiku lililonse, asanabweze n'komwe ndalama yogulira makina, msonkho wa pa boda, mawaya, intaneti ndi mmisiri. Wodalira jenereta ndiye asayambe dala, pakuti mayunitsi 78 amafuna malita a dizilo oposa 20.

Ndiponso kuno tilibe magetsi otsala. Tonse tikukumbukira 2024. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi anaphwa ku Kariba, ndipo pofika Seputembala malo ambiri ankakhala opanda magetsi maola oposa 17 pa tsiku. Owotcherera zitsulo ndi ometa tsitsi ankadzuka pakati pa usiku kuthamangira maola ochepa a magetsi. Makina ozima sayesa nambala ndi imodzi yomwe, koma ngongole yake sigona.

Choopsa kwambiri kwa mabanja athu si makina enieniwo, popeza ndi ochepa amene angawagule, koma makina a m'maloto. Pamafoni pamabwera mauthenga akuti lipirani K500 mubwereke makina amene ali kunja, muzilandira phindu tsiku ndi tsiku, ndipo mukabweretsa anzanu phindu lidzakula. Ena amati foni yokhayo ikhoza kukumba, chonsecho pangafunike mafoni mamiliyoni ambiri kuti alingane ndi bokosi limodzi lija. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wokumba weniweni sangalonjeze phindu lokhazikika, chifukwa mtengo wa Bitcoin umakwera ndi kutsika, ndipo chinsinsi chija chimasintha milungu iwiri iliyonse. Kumene phindu limadalira kubweretsa anthu atsopano, oyamba amalipidwa ndi ndalama za otsiriza. Ku South Africa, Mirror Trading International inagwa mu 2020 ndi ndalama za anthu zikwizikwi a m'maiko ambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti zinthu zotere zimayenda m'njira za chikhulupiriro: mnzathu wa m'kwaya, mlamu, mkulu wa mphakati amene nayenso wanamizidwa. Mu 2018 Bank of Zambia inachenjeza kuti ndalama zamtunduwu si ndalama zovomerezeka ndi lamulo zolipirira m'dziko muno, ndi kuti wozigwiritsa ntchito amatero mwa kufuna kwake, popanda wokamudandaulira.

Eklezia sanalembe lamulo lokhudza Bitcoin, koma satisiya opanda muyeso. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa ndime 2413, amaphunzitsa kuti masewera a mwayi si oipa mwa iwo okha, koma amaipa pamene alanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa amene iye amawasamala. Bambo wogulitsa ng'ombe zapagoli kapena kutenga fizi ya mwana kuti alowe m'zimenezi wafika pamenepo. M'kalata yawo ya Laudato Si' ya mu 2015, Papa Francis anatikumbutsa kuti luso lililonse liyenera kuyesedwa ndi zimene likuchitira osauka ndi chilengedwe. Akatswiri a ku yunivesite ya Cambridge amawerengera kuti makina okumba Bitcoin padziko lonse amadya magetsi oposa kasanu amene Zambia yonse imapanga pa chaka. Magetsi a madzi otayika ku Ikelenge ndi magetsi a malasha a kumaiko ena sangayesedwe mofanana.

Achinyamata athu amene mitima yawo ili pa zimenezi asanyozedwe. Wodziwa kuwerenga mawati, kuyeza voteji, kuziziritsa makina ndi kupeza thabwa lakufa ali ndi luso lomwe likufunika pa mapanelo a sola amene akuchuluka m'sukulu, m'zipatala ndi m'maparishi a Dayosizi ya Chipata, pa mapampu a m'madimba ndi pa nsanja za mafoni. Ku Zengamina nakonso makinawo anabwera ngati alendo. Pamene BBC inafikako mu 2025, eni malowo anali atapeza ndalama zokulitsira ntchito yawo ndi kuilumikiza ku mawaya a dziko lonse, kuti magetsi otsala azigulitsidwa kumeneko, ndipo a Gridless anali okonzeka kukweza kontena yawo pa lole kukafuna mtsinje wina.