Ndere Zogulitsa pa Chilumba cha Chiloé

Ife kuno ndere timazidziwa ngati zoterera za pa mwala wa kumtsinje, zija zimagwetsa mayi ali ndi mtsuko pamutu. Palibe anaganizapo zopita nazo kumsika. Koma ku dziko la Chile, ku South America, kuli chilumba chachikulu chotchedwa Chiloé, kumene mabanja ambiri a kumidzi amagula chakudya ndi ndalama za ndere.

Ndere zake si za pa mwala ayi, ndi za m'dambo. Akatswiri amazitcha Sphagnum, eni ake kumeneko amati pompón. Zimamera mothinana ngati mphasa yofewa, ndipo zouma zimatha kumwa madzi olemera kuposa izo zomwe mpaka ka 20. Ndiye chifukwa chake pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, thonje litachepa, ku Britain ankamangira nazo mabala a asilikali. Masiku ano ogula ndi olima maluwa a m'maiko akutali, amene amakutira nazo mizu kuti isaume.

Ntchito yake ndi yowawa. Munthu amalowa m'dambo lozizira, nazula nderezo, nazisenza kukayanika, kenaka nkuzilongedza m'matumba. Amalonda akabwera amagula pa mtengo wotsika, monga mudziwa kale mmene zimakhalira ndi ogula mbewu pakhomo.

Vuto lagona apa. Madera ambiri a Chile amamwa madzi otsika m'mapiri aatali momwe madzi oundana amasungunuka pang'onopang'ono. Chiloé alibe mapiri otere. Madzi ake ndi a mvula basi, ndipo nkhokwe yake ndi nkhalango ndi madambo a ndere aja, amene amasunga madzi nkumawatulutsa pang'onopang'ono mvula ikaleka. Ndere zimakula mochedwa kwambiri. Pamene azula mpaka pansi pamatenga zaka zambiri kuti pamerenso. Kuzula kopyola muyeso, pamodzi ndi kudula mitengo ndi kuchepa kwa mvula, kwachititsa kuti midzi ina izilandira madzi obwera pa galimoto miyezi ya dzuwa, pa chilumba chodziwika ndi mvula yambiri!

M'chaka cha 2024 boma la Chile linakhazikitsa lamulo loteteza madambo amenewa. Kukumba dothi lakuda la pansi pa ndere kunaletsedwa. Kukolola ndere za pamwamba sikunaletsedwe, koma wokolola ayenera kuyamba wapereka ndondomeko yosonyeza mmene dambolo lidzaphukirenso, boma nkuivomereza.