Makina otumidwa ntchito amangodalira zolembedwa

Kuchokera pomwe ChatGPT idatuluka mu Novembala 2022, anthu azolowera kumva za makompyuta oyankha mafunso ngati munthu. Tsopano makinawa ayamba kutumidwanso ntchito monga kutumiza uthenga, kusintha tikiti ya ndege ndi kubweza ndalama kwa wogula. Pa Chingerezi akuwatcha ma AI agent, kutanthauza atumiki.

Mtumiki wotereyu alibe manja. Amagwira ntchito kudzera m'timapulogalamu totchedwa zida, ndipo chida chilichonse chimabwera ndi mawu ochepa onena dzina lake, ntchito yake ndi zomwe chiyenera kupatsidwa. Mtumiki sadziwa china chilichonse cha chidacho kupatula mawuwo. Mlimi wa mbatatesi ku Tsangano akalephera kumva zolembedwa pa botolo la mankhwala opopera amapita kwa mlangizi. Makinawa nthawi zambiri amangolota tanthauzo n'kuchita, pomwe akulu adati safunsa adadya phula.

Mwachitsanzo, wolemba pulogalamu atha kufotokoza chida chake kuti "tumizani ndalama, lembani kuchuluka kwake", osatchula mtundu wa ndalamazo. Wochita malonda pa Calomue kapena pa Zobue, yemwe amasunga metikali ndi kwacha m'thumba limodzi, akudziwa kuti 500 ya uku si 500 ya uko. Mtumiki akasankha molakwika, wolira ndi mwini ndalama.

N'chifukwa chake akatswiri sakhutira ndi kungowerenga mafotokozedwewo n'kunena kuti akumveka. Amampatsa mtumiki ntchito yodziwika mathero ake, kenaka amaona ngati wasankha chida choyenera, wachipatsa zoyenera, ndiponso ngati ntchitoyo yatha bwino. Mu Juni 2024 kampani ya Sierra ya ku America idatulutsa mayeso otere, oyerekeza sitolo ndi kampani ya ndege. GPT-4o, imodzi mwa makina amphamvu a nthawi imeneyo, sidakwanitse ndi theka lomwe la ntchitozo. Choopsa kwambiri chidaoneka pobwereza. Pa ntchito za m'sitolo, zomwe idakhoza maulendo onse 8 motsatizana sizidafike 25 pa 100 zilizonse. Wantchito wokhoza lero n'kulakwa mawa pa ntchito yomweyo palibe angamusiyire kiyi wa golosale.

Si zolakwa zonse zomwe zimachokera ku mafotokozedwe, koma zina zimatha pongokonza chida. Mu Disembala 2024 kampani ya Anthropic idaulula kuti pokonza mtumiki wake wolemba mapulogalamu, nthawi yambiri idathera pa zida kuposa pa malangizo akuluakulu. Mtumikiyo ankasochera pofuna mafayilo chifukwa ankalondola njira kuyambira pomwe waima, ngati munthu wouzidwa kuti "ukhotere kumanzere" osadziwa kuti wonenayo adaima pati. Chidacho atachisintha kuti chizifuna keyala yonse kuyambira pachiyambi, vutolo lidatha.

Palinso nkhani ya akathyali. Mu Novembala 2024 Anthropic idatulutsa dongosolo lotchedwa MCP, lolola aliyense kupanga chida n'kuchilumikiza ku mtumiki, ndipo makampani ena monga OpenAI ndi Google adalilandira mu 2025. Mu Epulo chaka chomwecho, ofufuza a Invariant Labs ku Switzerland adaonetsa kuti munthu woipa mtima atha kubisa malamulo ake mkati mwa mafotokozedwe a chida. Pa kuyesa kwawo, chida chooneka chosalakwa chidanyengerera mtumiki kutumiza mauthenga a pa WhatsApp a mwini wake ku nambala yachilendo.

Chidathandiza chinyengocho n'chakuti mwini kompyuta ankangoona dzina la chida ndi mawu ochepa, pomwe mtumiki ankawerenga zonse, kuphatikizapo mzere womuuza kuti asamuuze mwini wakeyo.