Ndani amayeza LA asanafike ku Makanjira?

Mayi amene walandira mapiritsi a LA pachipatala cha Makanjira sangadziwe ndi maso ngati muli mankhwala okwanira kupha malungo. Udindo womuteteza uli m'manja mwa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, lomwe lidalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019. Bungweli limalembetsa mankhwala asanayambe kugulitsidwa, limayendera mafakitale ndi mafamase, ndipo limatapako ena kukayeza kulabotale ku Lilongwe. Komatu kuyeza kumeneko n'kosungunula piritsi, kumadya ndalama ndi masiku, motero oyezedwa amakhala ochepa. Nkhawa ndiyomveka: mu 2017 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, mankhwala amodzi mwa 10 alionse ndi achinyengo kapena osafika pamlingo.

Mafakitale akuluakulu adachepetsa vuto la kuyeza kodula ndi kochedwa kuja ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa near-infrared. Makina amawalitsa ufa kapena piritsi, mankhwalawo n'kumeza kuwala kwina n'kubweza kwina, aliwonse mwa mtundu wake, ndipo kompyuta imafanizira zobwererazo ndi za mankhwala enieni zomwe idasunga. Mgolo wa ufa ukangofika amauyeza pomwepo. Posakaniza amaona ngati zalowererana bwino ndiponso ngati chinyezi chatha. Yankho limabwera m'masekondi, piritsi lili lamphumphu. Masiku ano aliponso makina otere onyamula m'manja, ndipo ine ndikuona kuti malo awo ndi pachipata cha Chiponde ndi kufamase ya chipatala chachikulu cha Mangochi, komwe katundu amadutsadi.

Ena anganene kuti makinawa ngosadalirika, ndipo ali ndi mfundo. Amagwira msanga piritsi lopanda mankhwala, koma lomwe angoperewera pang'ono likhoza kuwapulumuka. Sazindikiranso mankhwala omwe sadaphunzitsidwe, ndipo chinyezi cha kunyanja kuno chikhoza kusokoneza zotsatira. Koma zimenezi zikungoonetsa malire a ntchito yake. Makinawa ndi sefa: amapatula okayikitsa kuti labotale iwononge ndalama pa oyeneradi kufufuzidwa, chigamulo chochotsa mankhwala pamsika n'kukhalabe cha PMRA. Chigamulocho chimatsata nambala ya batchi yosindikizidwa papaketi, ija ili pafupi ndi tsiku lotha mphamvu. N'chifukwa chake wodwala amene wamwa mankhwala mwandondomeko koma osachira asataye paketi. Abwerere nayo kwa adokotala kapena kufamase komwe adalandira, kuti lipoti lake likafike ku PMRA lili ndi nambalayo.