Injini Yofooka Ili Ngati Mbaula Yokana Kuyaka

Mayi wa ku Mkaika akaona mbaula ikungofuka utsi, sathamangira kukagula ina. Amaigwedeza kuti phulusa ligwe, amagwira makala kuti amve ngati ndi onyowa, kenako amakupiza. Makala, mphepo ndi moto woyatsira: chimodzi chikaperewera, ndiwo sizipsa. Injini ya petulo imadalira zitatu zomwezo, ndipo amene amadziwa kufunsa mbaula chimene chavuta angathenso kufunsa injini.

Ndikunena galimoto za kabuleta, zopanda kompyuta: Peugeot 404 ndi 504, Datsun 1200, ma Land Rover akale, ndi ma Fiat amene ankalumikiza ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970. Ngakhale MGB, kagalimoto kaliwiro kamene ankapanga ku Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980, kali m'gulu lomweli, ndi injini yake ya 1798cc ya masilinda anayi. Zonsezi zikadwala zimadandaula mofanana: kuwefuka pa mtunda, kutsokomola, kumwa petulo mosaona mtengo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti injini ikangofooka, dzanja la mwini limathamangira pa kabuleta n'kuyamba kupotokola. Nthawi zambiri kabuleta amakhala wosalakwa, ndipo akamusokoneza matenda amasanduka awiri. Iye ayenera kugwiridwa pomaliza.

Yambani ndi mphepo. Kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya kuti ipse bwino, kutanthauza kuti lita imodzi imameza malita a mpweya pafupifupi 9,000. Mpweya wonsewo umadutsa pa sefa imodzi. Tsono taganizani za kumapeto kwa Ogasiti, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'dera la Katete, kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, galimoto zitandondozana kuchokera pa Great East Road, fumbi lili koboo. Sefa ikatsekeka ndi fumbi limenelo ili ngati mabowo a mbaula odzaza phulusa: petulo amachuluka, mpweya n'kuchepa, kumbuyo kukutuluka utsi wakuda. Kuitsegula n'kuiona sikulira ndalama.

Kenako masulani mapulagi, muwandandalike monga anakhalira mu injini. Apa m'pamene injini imaulula zambiri. Pulagi yofiirira mombuwirira ndiyo yabwino. Yakuda ndi mwaye wouma ikunena kuti petulo wachuluka kapena moto wake ndi wofooka. Yoyera mbee ikunena kuti petulo waperewera ndipo mkatimo mukutentha kwambiri, zimene zingathe kuwotcha mavavu. Yonyowa ndi oyilo ndiyo ya uthenga woipa, chifukwa oyilo akukwera kumene sayenera kufika. Mapulagi onse anayi akafanana, funani vuto pamene masilinda onse amagawana. Ikasiyana imodzi yokha, musavutike ndi kwina, silinda yakeyo ndiyo ikudwala.

Moto woyatsira ndiwo umalakwa kawirikawiri pa galimoto zimenezi. Mu distributor muli tizitsulo tiwiri totchedwa mapointi, timene timatsekuka ndi kutsekeka maulendo masauzande pa mphindi imodzi. Timapsa, timaperepeseka, mpata wake n'kusintha. Pa MGB mpatawo uyenera kukhala pafupifupi 0.4mm, ndipo wa pulagi pafupifupi 0.6mm. Condenser ndi kanthu kotsika mtengo, koma ikafa injini imaphulikaphulika ngati ilibe petulo, munthu n'kutaya tsiku lonse akutsuka kabuleta. Onaninso mawaya a mapulagi. Injini ya MGB ndi ya Datsun 1200 zimayaka motsatira 1-3-4-2, ndipo mawaya awiri akasinthanitsidwa galimoto imanjenjemera thupi lonse. Nthawi yoyakira nayo ndi yofunika: moto ukachedwa injini imafooka n'kutentha, ukafulumira imalira ngati muli timiyala mukamakwera mtunda.

Pali chinthu chimodzi chimene mbaula ilibe. Injini imapanikiza mpweya ndi petulo isanayatse, ndipo mphamvu yake yagona pa kupanikizako. Makaniko wodziwa ntchito amamanga geji pa bowo la pulagi n'kuyeza silinda iliyonse. Manambala asasiyane kupitirira 10 pa 100 alionse. Ina ikatsika, amathiramo kasupuni ka oyilo n'kuyezanso. Nambala ikakwera, zatha ndi mphete za pisitoni. Ikakhala pomwepo, vuto lili pa mavavu kapena gasiketi. Nthawi zina vavu imangokhala yothina, ndipo kuichuna ndi sipanala kumabweza mphamvu yonse. Utsi wobiriwira ngati thambo umachitira umboni oyilo amene akupsa, pamene woyera wosatha injini itatentha kale ndi madzi olowera pa gasiketi.

Tsopano makala, omwe pa injini ndi petulo. Kutali ndi Katete kapena Sinda, munthu amagula petulo wa m'zigubu chifukwa palibe kwina kopita, ndipo mmenemo mumalowa madzi ndi zinyalala. Thanki yakale nayo imachita dzimbiri. Chizindikiro chake n'chodziwika: galimoto imalira bwino itaima, koma pa mtunda imakomoka, mukaipumitsa n'kudzukanso. Tsanulirani petulo pang'ono m'botolo loonekera mkati. Ngati muli madzi, akhala pansi paokha. Sinthani sefa ya petulo, muonenso ngati pampu ikutumiza mokwanira.

Zonsezi zikakhala bwino, gwirani kabuleta, injini ili yotentha. Dera la Katete lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepukako ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, choncho kabuleta wochunidwira ku Durban kapena ku Beira amapereka petulo wochulukirapo akafika kuno. Ma MGB ambiri ali ndi makabuleta awiri a SU. Aliyense ali ndi kachitsime ka oyilo pamwamba, ndipo kakauma galimoto imazengereza mukaponda moto. Awiriwo ayeneranso kukoka mpweya mofanana, ndipo amakaniko akale amamva zimenezi ndi kapaipi ka labala, mbali ina pakamwa pa kabuleta, ina pakhutu. Potokolani pang'onopang'ono, sikuluwu imodzi pa nthawi, mukuwerenga mmene mwaizungulizira kuti muthe kubwerera. Mukatha, yendani mpaka ku Sinda ndi kubwerako, mumasulenso mapulagi muone mtundu wake.