Galimoto yamawaya ndi ka- amene wasowa

Ku America, komwe McDonald's idafalitsa Happy Meal mu 1979, okonda makompyuta ena amatenga kachidole kam'bokosimo n'kukaunika ngati makina odula, mpaka kukapatsa malikisi. Kuno McDonald's kulibe, koma nthabwala yakeyo ilipo. Pa Ngabu, mwana akadutsa m'mbali mwa M1 akuyendetsa galimoto yamawaya, makaniko akhoza kumuimitsa, nkhope ili gwa: galimoto iyi injini ili bwino, koma mabuleki atha, simufika nayo ku Nchalo bwana.

Choseketsa chili pati? Ambiri angaloze mawu obwereka aja, injini ndi mabuleki. Amathandiza ndithu, poti ndi mawu apagalaja. Koma ine ndikuona kuti nthabwala yagona pa mphatikiram'mbuyo yemwe wasiyidwa dala. Chidole chotere timati kagalimoto, m'gulu la Ka-Ti, ndipo agwirizanitsi amatsatira: kagalimoto aka, kako, kakuyenda. Makaniko wachibweza m'gulu la zenizeni: iyi, yanu, ikuyenda. Onjezanipo "bwana" ndi "simufika" waulemu uja, mwana wazaka zisanu ndi ziwiri wasanduka kasitomala. Ng'ombe yadongo nayo, poti kuno n'kwang'ombe, imafunsidwa mtengo mwa njira yomweyo.

Chenjerani nako kutembenuza. Ka- sachepetsa msinkhu wokha, amanyozanso. Munthu wagula Sienta ndi ngongole, inu n'kumuuza kuti kagalimoto kanu n'kabwino, ngakhale mwatamanda, pobwerera ku Blantyre mukwera minibasi.